Amisiri a nthambo za lamya atha

Nthambo zidafika kale ku Mangochi kuno, boma lino likutchedwa Fort Johnston. M'zaka za m'ma 1890 kampani ya Cecil Rhodes idakoka waya wa telegalafu kuchokera ku Salisbury, kudzera ku Tete ndi Blantyre, n'kudutsa pano kulowera ku Karonga. Mapolo ake adali achitsulo poopa chiswe, ndipo adabwera pamapewa a anthu amene mayina awo palibe adawalemba.

Ife a positi ofesi, m'masiku athu, munthu sankangodzuka n'kukwera polo. Unkayamba ndi kukumba maenje ndi kusenza makwerero, wamkulu akukupenya osanena kanthu. Akaona kuti manja ako ndi odekha, ndiye ankakutumiza ku Blantyre, kusukulu ya Multi-Country, kumene tinkaphunzira limodzi ndi anzathu a ku Botswana, Lesotho ndi Swaziland. Ena ankalembanso mayeso a City and Guilds ochokera ku London. Satifiketi ikabwera tinkaiika m'felemu, pakuti inkanena zoona: munthu uyu akalumikiza chingwe cha timawaya mazana, kalikonse kamapeza mnzake wa mtundu wake, ndipo madzi salowa pamfundopo.

Madziwo ndiwo adali mdani wathu kunyanja kuno. Dzinja likafika, chinyontho chinkalowa m'zingwe zapansi, lamya n'kumangolira phokoso. Mwera ukawomba, nthambo zamumsewu wa ku Monkey Bay zinkakolana. Mphenzi nayo inkakonda mapiri a ku Namwera. Mmisiri weniweni ankayeza ndi mita ali kuofesi, n'kunena kuti vuto lili pafupi ndi mlatho wakuti. Mukapita, mumalipezadi pomwepo. Ndipo njira iliyonse ya chingwe tinkaijambula papepala tisanakumbe, kuti wobwera m'mbuyo mwathu asavutike.

Kenaka zinthu zidathamanga. Kudabwera makampani a foni za m'manja: TNM idayamba mu 1995, Celtel mu 1999. Mu 2000 lamya zidalekana ndi makalata, kubadwa kampani ya lamya ya MTL, yomwe idagulitsidwa mu 2006. Foni za m'manja sindidana nazo ayi. Msodzi wa ku Makanjira lero amauza mkazi wake mtengo wa usipa ali pamadzi, zimene ife sitidakwanitse. Chimene chimandiwawa ndi akuba kopa. Adathothola nthambo usiku, kuzitentha kuti pulasitiki achoke, n'kukazigulitsa pasikelo ngati zitsulo zakutha. Ntchito ya moyo wa munthu kupimidwa pa makilogalamu! Nditaona polo ili chiimire, mutu uli mbee, ndidakhala pansi m'mbali mwa msewu.

Mdzukulu wanga, amene amakoka zingwe za fibre, akuti tsopano satifiketi yolemekezeka ndi RCDD, yomwe bungwe la BICSI la ku Tampa ku America lidayamba kupereka mu 1984 kwa okonza mapulani a zingwe za m'nyumba zikuluzikulu. Amalipira ndi madola, mayeso ake pa kompyuta. Ndimamulimbikitsa, alembe. Koma alibe wamkulu woima pambuyo pake kumugwira dzanja, pakuti akuluwo tidawaika m'manda mmodzimmodzi, wina ku Malindi, wina ku Mpondasi, pamaliro popanda wotchula n'komwe kuti ameneyu ndiye adalumikiza chipatala ndi dziko lonse. Amene tatsala maso adafooka, sitingasiyanitsenso kawaya kobiriwira ndi kabuluu, ndipo anyamata akamakumba ngalande m'tauni muno n'kudula chingwe chakale, sabwera kudzatifunsa kuti chinkapita kuti.