Dimba la amalume lili pakasupe

Mjigo wapasukulu pathu unafa mu Outubro caka catha, dzuwa likuswa mtengo, ndipo kwa masabata asanu ana ankamwa madzi a m'kamtsinje kodutsa kuseri kwa bwalo la mpira. Kamtsinjeko kamayambira pakasupe m'munsi mwa phiri, ulendo wa theka la ola kucokera pasukulu. N'kakang'ono, koma kali ndi kopita. Madzi ambiri a kumtunda kuno ku Angónia amatsikira mu Revúbuè, mtsinje uja unagumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize pa nthawi ya namondwe Ana mu Janeiro 2022, ndipo Revúbuè amakathira mu Zambezi.

Pofika sabata yacitatu, ndikamaitana maina m'turma yanga ya kalasi yacinayi, ana asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri sankayankha. Anzawo ankangoti, “Watsegula m'mimba, aphunzitsi.” Mtima wanga unali m'mwamba. Tonse tikukumbukira kolera uja anayambira m'boma la Lago ku Niassa mu Setembro 2022 n'kudzafika kuno ku Tete.

Sabata yomweyo ndinkaphunzitsa za poluição da água. Ndinajambula pabolodi fakitale yofuka utsi, paipi yake ikulavulira zakuda mumtsinje, monga ndinazionera m'mabuku ndili ku IFP. Ana anakopera bwino m'makope. Nditafunsa m'Cinyanja kuti, “Nanga madzi athu ano akuwaipitsa ndani?” mtsikana wina anakweza dzanja n'kuti, “Fakitale.” Kuno kulibe fakitale ngakhale imodzi, cilipo n'cigayo basi. Kulakwa kunali kwanga. Ndinapempha cilolezo kwa adiretori, ndipo Lacisanu m'mawa tinatsata kamtsinjeko kukwera nako mpaka kukasupe.

Ana amaona zambiri kuposa ife. Anandionetsa pamene ng'ombe zimamwera, pamtunda pang'ono pa malo otungira madzi, ndowe zili mbwee. Anandionetsa matewera otaya aja atakodwa m'bango, ndiponso maenje a oumba njerwa amene agumula gombe. Mnyamata wina ankachula mitengo imene agogo ake amati inalipo kale, katope ndi mikuyu, ife tikungoona zitsa. Titayandikira kasupe tinapeza madzi a padziwe atayera ngati mwagwera ufa, mapaketi a mankhwala opopera mbatatesi ali m'mbali. Munthu anali atangotsukirapo bomba yake. Mizere ya mbatatesi inafika mpaka pamene madzi akutumphukira.

Pamenepo mwana wina, mosaganiza coipa ciliconse, anati, “Ili si dimba la amalume anu, aphunzitsi?”

Linali lawodi. Ndipo ana onse ankadziwa.

Amalume amenewa ndi amene anandilera bambo atamwalira. Ndalama ya matrícula, ya thiransipoti, ya nsapato zimene ndinavala tsiku lolandira satifiketi, zonse zinacokera m'matumba a mbatatesi za m'dimba lomwelo. Mbatatesi ikagwidwa ciwawu munda wonse umapserera m'masiku owerengeka, n'cifukwa cake alimi amapopera kawirikawiri. Sindinganene kuti ndinali wosadziwa. Ndili mtsikana ndinatsukirapo bomba imeneyo padziwe lomwelo, ine ndemwe, kangapo konse.

Sindinafune kuti akamve nkhaniyi pabwalo, conco ndinapita kwawo Lamlungu madzulo. Ndinakhala pamphasa, tinalonjerana, tinakamba za mvula, kenako ndinayamba. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Atatero anati, “Aphunzitsi, mwabwera ndi nzeru za kusukulu. Sukuluyo anakulipirirani ndi madzi omwewa.” Cibadwire canga anali asanandiitanepo kuti aphunzitsi. Anawonjeza kuti ana akutsegula m'mimba cifukwa ca ndowe ndi matewera, osati mankhwala awo, ndipo ngati tikuopa tigule Certeza.

Mbali ina ankanena zoona, ndipo ndinawavomereza. Matenda otsegula m'mimba amabwera ndi tizilombo ta m'cimbudzi ca anthu ndi ziweto. Certeza ndi klorini, ukathira muyezo wake m'cigubu n'kudikira theka la ola amapha tizilomboto. Koma mankhwala opopera sacoka ndi Certeza, ngakhale kuwiritsa sikuwacotsa. Amenewo sagwetsa mwana lero, amangolowa m'thupi mwakacetecete. Komanso dimba likafika pakasupe, dothi limakokolokera m'diso la madzi, kasupe n'kumaphwa msanga cilimwe. Amayi akuluakulu amati kale madzi ankayenda mpaka mvula yoyamba, pano pofika Novembro timafukula mcenga.

Nkhani inapita ku Conselho de Escola, ndipo a Conselho anakaitula kwa anyakwawa. Msonkhano unacitika pansi pa mtengo wa mango wa pasukulu, anthu anabwera ambiri cifukwa nkhani ya mjigo inali itawafika pakhosi. Mphunzitsi mnzanga anawerenga Lei de Terras ya 1997, pamene pamati malo ofika mamita 100 kuzungulira kasupe ndi otetezedwa. Atamasulira m'Cinyanja anthu anaseka, ena anakwiya. Mamita 100 ndiye kuti madimba a mabanja asanu atha onse. Bambo wina anafunsa ngati lamulolo lidzawagulire feteleza ndi makope a ana. Palibe anamuyankha.

Amene anatsegula njira ndi gogo wina wamkazi amene sanapiteko kusukulu. Anati kale mtsinje unali ndi madooko atatu, ndipo mwana aliyense ankawadziwa: kumtunda kotunga madzi akumwa, pakati posamba ndi kucapa, kumunsi komwetsa ng'ombe. Anafunsa kuti anathetsa zimenezi ndani. Kunena zoona, mawu akewo anagwira nchito kuposa pepala lathu lija.

Tinagwirizana kubwezera madooko atatuwo. Bomba yopopera isatsukidwenso mumtsinje, mwini wake atunge madzi m'ndowa akatsukire padzenje kutali ndi gombe, ndipo mapaketi ndi mabotolo a mankhwala asatayidwe m'madzi kapena kusandutsidwa zotungira. Oumba njerwa asamuke pagombe. Khomo lililonse lizisonkha 20 metikali pamwezi kuti mjigo ukafa tisamadikire boma, ndipo ndalamazo azisunga amayi awiri osankhidwa pamsonkhano pomwepo. Za mamita 100 zinakanika. Titakambirana mpaka dzuwa kupendeka tinafika pa mapazi 15 kuzungulira kasupe, pomwe sipadzalimidwanso. Ine ndinaona kuti n'zocepa, ndipo mpaka lero ndikuona conco, koma ndinakhala cete. Amalume anataya mizere isanu ndi umodzi. Pamsonkhano wonse sanayankhule, ndipo pocoka sanandiyang'ane.

Mjigo unakonzedwa mu Novembro. Mvula itagwa, ana a kalasi yacinayi ndi yacisanu anabzala vetiva m'malire a mapazi 15 aja, ndi nsungwi ndi mbande za katope zimene anazula kudambo. Bulugamu tinamukana ngakhale mbande zake zinali zosavuta kupeza, amamwa madzi kwambiri. Mwana aliyense ali ndi mtengo wake ndipo amaulemba m'kope kutalika kwake mwezi ndi mwezi, poyeza ndi cingwe. Mbuzi zadya pafupifupi theka. Dooko la ng'ombe likulemekezedwa masiku amene abusa ake ndi ana a sukulu yathu, masiku ena ayi. Matewera akadalipo, cifukwa palibe mayi amene amavomera kuti ndi ake.

Kwa amalume sindinapiteko miyezi inayi. Amayi ankandiuza kuti ndipite ndikapepese, ine n'kumafunsa kuti ndikapepese ciyani, iwo n'kungoti, “Iwe pita basi.” Sabata yatha ndikuweruka ndinapeza thumba la mbatatesi pakhomo. Anabweretsa ndi mdzukulu wawo panjinga. Ndinamufunsa ngati agogo ake anapereka uthenga uliwonse, iye anati ayi, angoti thumbalo ndikalibweze likatha. Loweruka likubwerali ndikalibweza ndekha, ndipo ndidzera kukasupe kuti ndikaone ngati vetiva wa m'malire mwawo akadalipo.