Ming'alu ya pamsewu wa ku Mwami

Boma la Mchinji likumangidwa. Amene wadutsa msewu wa M12 zaka zapitazi, kuchokera pa Waliranji kudzera pa Kamwendo mpaka kukafika pachipata cha Mwami, andivomereza. Pamene panali minda ya mtedza ndi zigafa za fodya m'mbali mwa msewu, lero pali magolosale, malo ogona alendo, mashedi ogulirapo soya ndi nyumba za lendi. Ndalama ya soya ndi mtedza, ya malonda a m'malire, ngakhale ija amatumiza ana athu ali ku Joni, yonse ikuthera m'njerwa ndi malata. N'zonyaditsa ndithu. Koma nyumba zimenezi zimakongola ukamaziona uli m'minibasi yothamanga. Ukapalasa njinga, monga ndinachitira ine pa tchuthi chachikulu chapitachi, umaona zina.

Ndinayambira pa Kamwendo, pamphambano pamene msewu wa ku Kapiri ndi Kasungu umapatukira. Kumaso kwa masitolo kuli bwinobwino, penti yowala ya makampani a foni yabisa zonse. Koma pitani kuseri, kumene amayi amaphikira nsima yogulitsa. Kumeneko khoma silinama. Pa sitolo ina, imene anthu anandiuza kuti yangoona dzinja kawiri, mng'alu wayambira pangodya ya zenera n'kutsika mokhotakhota motsata mizere ya njerwa mpaka pansi, ndipo chala changa chinalowamo. Pamwamba pa zeneralo palibe konkire yonyamula khoma, anangoikapo thabwa n'kulimata. Pansi pa khomalo, kufika m'maondo, penti yatupa n'kusendeka chifukwa chinyontho chikukwera kuchokera m'nthaka. Sanayale pepala la pulasitiki lija amaliyala pakati pa maziko ndi khoma, chinthu chimene mtengo wake sufika ngakhale pa mtengo wa chitseko chimodzi. Ndinakanda pulasitala ndi kiyi wa njinga, mchenga n'kuyoyoka ngati ufa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chapafupi pomwepo pali bwalo loumbirapo mabuloko a simenti. Mabwalo oterewa achuluka kuyambira 2018, pamene boma linaletsa kugwiritsa ntchito njerwa zootcha pomanga nyumba za boma ndi za malonda pofuna kupulumutsa mitengo. Lamulolo ndilibe nalo mlandu. Amene anaona phiri la Mchinji kale n'kuliona lero akudziwa zimene mauvuni a njerwa ndi makala achita. Koma njerwa yootcha inali ndi ubwino umodzi: ikakhala yosapsa, ngakhale mwana amaizindikira pa mtundu wake ndi kalilidwe kake ukaigogoda. Buloko ndi buloko basi, lotuwa, kaya muli simenti yokwanira kaya angonunkhiritsamo. Anyamata a pabwalopo, titazolowerana pang'ono, anandiuza akuseka kuti amaumba mitundu iwiri, ya wogula amene amafunsa mafunso ndi ya wogula amene amangofunsa mtengo.

Ndikanapitirira ulendo ndili ndi maganizo akuti vuto lonse ndi kuba simenti. Amene anandionetsa mbali ina ndi mmisiri wina wachikulire amene ndinamupeza akukonza khonde la nyumba yopemphereramo, pakati pa Kamwendo ndi pa boma. Ndinatsika njinga kuti ndipemphe madzi akumwa, tinathera ola lathunthu.

"Aphunzitsi, inu mumaphunzitsa chiyani?" anandifunsa.

"Sayansi, bambo."

"Ndiye mundiuze, simenti imauma kapena imapsa?"

Funso limeneli ndi la m'kalasi mwanga, ndipo yankho lake ndi limene amisiri ambiri a masiku ano salidziwa. Simenti siuma ngati matope. Imagwirana ndi madzi, ndipo kugwirana kumeneko n'kumene kumaisandutsa mwala. Madzi akathawa msanga ndi dzuwa, ntchitoyo imaima panjira. Pamwamba pamaoneka polimba koma m'kati mumakhala mosagwirana. N'chifukwa chake konkire imayenera kuthiriridwa ndi kufunditsidwa kwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu zake amaziyesa pakatha masiku 28.

Bamboyo anagwedeza mutu n'kundilozera mgolo wopanda kanthu. "Tsopano onani nthawi imene anthu kuno amamanga. Soya amagulitsa mwezi wa Epulo ndi Meyi, mtedza pambuyo pake. Ndalama ikafika m'manja, njerwa aumbe, aotche, mchenga atute. Kumanga kwenikweni kumayamba Ogasiti, Sepitembala, Okutobala, zitsime zitaphwa, pamjigo pali mzere wa zidebe kuyambira tambala woyamba. Mwini nyumba amawerenga matumba a simenti, amawerenga malata, koma madzi saawerenga. Mukamuuza kuti alipire amayi otunga madzi kwa sabata yathunthu kuti tizingothirira pansi, amati mukufuna kumudyera. Ndiye timathirira tsiku limodzi, mawa lake akuti tilowetse katundu."

Mawu amenewa sanandichoke m'mutu ulendo wonse. Timakonda kunena kuti amisiri a lero ndi akuba, ndipo alipo akuba. Koma pali china chimene sichibedwa n'komwe, chimangosiyidwa: madzi, masiku odikira, kukumba maziko mpaka kufika pa nthaka yolimba, kusefa mchenga wa kudambo kuti dothi lichoke. Zonsezi sizioneka nyumba ikatha, ndiye palibe amene amafuna kuzilipira. Mmisiri amene walonjezedwa ndalama yake pa nyumba yonse, osati pa tsiku, adzathamanga kuti akagwire ina mvula isanagwe. Mwini wake naye akuthamanga kuti wa lendi alowe. Amene sathamanga ndi simenti yokha.

Nkhaniyi ikanakhala ya magolosale okha sindikanalemba kalata ino. Golosale ikang'aluka amalira ndi mwini wake. Koma ine ndimagwira ntchito m'nyumba zimene anamanga ena, ndipo m'menemo mumakhala ana a eni. Ndinapatuka kukaona mnzanga amene amaphunzitsa pasukulu ina ya sekondale yoyendera, imene sinditchula dzina. Pali buloko ya zipinda ziwiri yatsopano, yomangidwa ndi ndalama za chitukuko, ndipo tsiku loipereka kunali magule. Lero pansi pake pakumbika maenje moti miyendo ya madesiki imalowamo, ana akamasesa fumbi la simenti limadzaza chipinda, ena n'kumatsokomola mpaka phunziro loyamba litatha. Bolodi anaimata pakhoma ndi pulasitala wa mchenga wambiri, choko sichigwira. Chitseko sichitsekeka chifukwa fulemu yapindika. Chimene chinandiopsa kwambiri ndi denga. Mitengo ya bulugama yonyamula malata anaidula yaiwisi, sanaipake mankhwala, chiswe chayamba kale ntchito yake. Mawaya omangira denga angowakoleka pa mizere iwiri ya njerwa ya pamwamba, pamene amayenera kutsika m'khoma kapena kugwira m'konkire yozungulira nyumba, ija amisiri amati ring beam. Pabulokoyo palibe konkire yotero. Mnzangayo akuti mitambo ikada masana amawatulutsa ana n'kukawapanikiza m'chipinda chakale chimene makolo anamanga okha zaka zambiri zapitazo.

Chaka ndi chaka mvula yoyamba ikamagwa timamva pawailesi kuti mphepo yasasula madenga a sukulu, ndipo timati ndi ngozi yogwa mwadzidzidzi. Mphepo ilipo, ndipo yakula chifukwa mitengo yotchinga tinaitha. Koma denga limene lagwidwa ndi mizere iwiri ya njerwa ndi malata opyapyala ngati chitini cha mkaka, kuuluka kwake si kwadzidzidzi. Linauluka tsiku limene linakhomedwa, limangodikira Novembala.

Chondiwawa n'chakuti a komiti ya sukulu anasainira kuti ntchito yatha bwino. Sindikuwada. Ndi alimi okhulupirika amene anaumba njerwa ndi kututa mchenga mwaulere. Koma ndani anawauza kuti konkire yabwino ya pamwamba pa zenera imafuna muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala? Ndani anawauza kuti ali ndi mphamvu yoimitsa kontilakita? Iwo anaona penti, anaona akuluakulu atabwera ndi galimoto, anasaina.

Pa boma, pamene kale pankatchedwa Fort Manning, nkhani ikusintha mtundu chifukwa anthu ayamba kumanga zosanjikiza. Ndinaima nthawi yaitali kuyang'ana ina imene ikumangidwa. Konkire ya pamwamba yagona pa timitengo ta bulugama tochirikiza, anyamata akusakaniza ndi mafosholo pansi n'kumapatsirana zidebe pamakwerero, wina akuthiramo madzi mongoyerekeza kuti isavute kuthira. Apa mpamene pamasokoneza anthu: madzi ochuluka posakaniza amafooketsa konkire, pamene madzi othirira ikagwira amailimbitsa. Ife timachita mosemphanitsa, timasefukiritsa poyamba n'kumana pambuyo pake. Nyumba yapansi ikalakwika imachenjeza ndi ming'alu kwa zaka. Yosanjikiza nthawi zina sichenjeza. A ku Blantyre sanaiwale nyumba yodyeramo ya Kips imene inagwa mu 2011 ikukonzedwa, anthu n'kufera momwemo.

Malamulo alipo. Bungwe la National Construction Industry Council linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996 kuti lizilembetsa ndi kuyang'anira makontilakita. Khonsolo imayenera kuvomereza mapulani. TEVETA imaphunzitsa ndi kuyesa amisiri. Koma nyumba zambiri za m'mbali mwa msewu uno sizimangidwa ndi kontilakita wolembetsedwa. Zimamangidwa ndi mnyamata amene chaka chatha ankakankha wilibala, chaka chino wagula chingwe ndi levulo n'kudzitcha mmisiri. Kale munthu ankatha zaka akutumikira mmisiri wamkulu asanaloledwe kuyala njerwa ya pangodya. Lero ntchito yachuluka kuposa manja odziwa, ndipo mwini nyumba amasankha amene watchula mtengo wotsika.

Kuti maso apume ndinapalasa kupita ku Kachebere, kufupi ndi malire, kumene ansembe a White Fathers anayambitsa seminale mu 1939. Zina mwa nyumba za kumeneko n'zakale kuposa ufulu wathu wa 1964, koma mizere ya njerwa ili chilili ngati anayala dzulo. Makoma ndi okhuthala, denga latulukira kunja mokwanira kuti mvula isamenye khoma, madzi a padenga ali ndi ngalande yowatengera kutali ndi maziko. Zomwezi mumaziona pa nyumba zakale za ku Guilleme ndi ku Ludzi. Anthu amati azungu ankamanga zolimba. Ine ndimakana. Njerwazo anaumba ndi agogo athu a konkuno, dothi lake ndi lomweli, manja oyala ndi a Achewa ndi Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu. Simenti nthawi imeneyo inali yosowa kuposa lero. Chimene anali nacho ndi munthu woima pamalopo tsiku ndi tsiku, wodziwa ntchito, amene akanatha kugwetsa khoma lokhota n'kunena kuti muyambirenso. Komanso amene ankamangitsayo ankadziwa kuti adzagonamo yekha.

Mfundo yomalizayi inandibwerera nditafika pachipata cha Mwami, makilomita ngati 12 kuchokera pa boma. Pali nyumba zatsopano za pamalire zimene Pulezidenti Lazarus Chakwera ndi mnzake wa ku Zambia Hakainde Hichilema anatsegulira mu Disembala 2022, kuti apaulendo azionetsa ziphaso malo amodzi. Mathiraki anali pamzere, ena atasenza simenti ya Dangote yochokera ku Zambia. Kuwonjezera apo, fakitale ya Shayona ili ku Kasungu, boma loyandikana nalo. Kunena kuti Mchinji imasowa simenti kungakhale kunama. Imadula, inde, koma imadutsa pakhomo pathu tsiku lililonse.

Pamenepo ndinakumana ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa Fomu 4 zaka zapitazo, tsopano amapalasa kabaza wa njinga yamoto pakati pa boma ndi malire. Atamva chimene ndikuyendera, anati ndimutsate akandionetse nyumba ya mkulu wake amene ali ku Johannesburg chaka chachisanu. Mkuluyo amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo chimene amalandira ndi zithunzi za pa WhatsApp. Pachithunzi nyumbayo ndi yooneka: malata a mtundu, mawindo a galasi, khonde la mizati iwiri. Titafika, mnyamatayo anagogoda mzati umodzi ndi mwala, unalira ngati ng'oma. Anatola buloko limodzi mwa otsala, analikweza kufika pachifuwa n'kulisiya. Linamwazika zidutswa, pakati pake mchenga wofiira wa kudambo.

"Mwawauza akulu anu?" ndinamufunsa.

"Aphunzitsi, womanga wake ndi amalume. Ndikanena, pamudzi pano ndikhala bwanji?"

Tinazungulira kuseri. Khoma la chipinda chogona layamba kusiyana ndi linzake pangodya, ndipo wina wamatapo simenti yatsopano n'kupakapo laimu kuti chithunzi chotsatira chidzatuluke bwino. Mwini wake akuti abwera pa Khirisimasi ndi mkazi ndi ana awiri, ndipo watumiza kale ndalama ya matailosi.