Tikumbukire Bwana Clark, Wofukula Zakale

Abale anga alimi, lero sindikamba za mbewu kapena za manyowa ai. Ndifuna kukuuzani za munthu wina amene anakumba nthaka moyo wake wonse monga ife, koma osabzalamo kanthu. Dzina lake ndi Bwana John Desmond Clark, ndipo ntchito yao inali kufukula zimene anthu akale anasiya pansi, kuti tidziwe m'mene makolo anali kukhalira pamene kunalibe wolemba.

Anabadwira ku London m'chaka cha 1916. Atatsiriza maphunziro ku Cambridge anapatsidwa ntchito yosunga nyumba ya zinthu zakale ku Livingstone, m'dziko limene lero likutchedwa Zambia. Bwenzi lao, Betty, anawatsata, ndipo anakwatirana komweko mu 1938. Anabala ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna. Nkhondo ya Hitler itabuka, Bwana Clark anatumizidwa ku Abyssinia ndi ku Somaliland, kumene anapitanso agogo athu a K.A.R. ochokera kuno ku Zomba. Kumenekonso maso ao anali pansi, kutola miyala imene anthu akale anasema. Nanga nyumba ija ya ku Livingstone anaisamala ndani? Anaisamala ndi Mai Clark.

Apa ndipo pamene ndifuna muyang'anitse. Ife alangizi tidziwa kuti munda umene mwamuna alima yekha, mkazi osadziwa chimene chabzalidwa, sukhalitsa. Banja ili linali ndi munda umodzi. Kumene mwamuna anamanga msasa kuthengo, mkazi anali komweko, kuyang'anira chakudya cha antchito ndi kujambula pa pepala mwala uli wonse wofunika umene watuluka m'dzenje. Zithunzi zambiri za m'mabuku a Bwana Clark ndi za dzanja la mkazi wao, ngakhale dzina lomveka ndi la mwamuna. Ine ndiyesa kuti powatchula tiyenera kutchula onse awiri.

Mu 1953 anapeza malo amene anawatchukitsa, pa mathithi a Kalambo, m'malire a Zambia ndi Tanzania. M'dothi lonyowa la pamenepo munali nkhwangwa zamiyala ndiponso mitengo yosaola, pakuti mtengo wokhala m'matope, mpweya osaufika, suola msanga. Mu 1961 anapita kukaphunzitsa ku Berkeley, ku America, koma kuno sanakuiwale. Mu 1965 ndi 1966 anali ku Karonga, kumene m'mudzi wa Mwanganda anafukula mafupa a njovu pamodzi ndi zida zamiyala. Iwo anaganiza kuti alenje akale anasendera njovu pamenepo. Ena amene anakumbanso malowo zaka za posachedwapa aona kuti mafupa ndi zidazo mwina si za nthawi imodzi. Palibe chochititsa manyazi apa, pakuti ntchito iyi ikonzedwa ndi obwera pambuyo, ndipo akhoza kuikonza chifukwa woyambayo analemba bwino pamene chinthu chili chonse chinagona.

Mu 1972 anakumba m'phanga la Mwana wa Chencherere, kumpoto kwa Dedza, limene lili ndi zojambula pa thanthwe, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa. Dera lonse la Chongoni, la malo 127 otere, linalembedwa ndi UNESCO mu 2006 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Amalawi awiri, Dr. Gadi Mgomezulu ndi Dr. Yusuf Juwayeyi, anakaphunzira ntchitoyi ku Berkeley komweko, ndipo Dr. Juwayeyi ndiwo anadzafukula Mankhamba, likulu la Kalonga, pafupi ndi Mtakataka.

Buku lachitatu la zimene anapeza ku Kalambo linatuluka mu 2001, patapita zaka 48 chionere malowo. Bwana Clark anamwalira pa 14 February 2002, ndipo Mai Clark anawatsata patangopita miyezi iwiri, atakhala m'banja zaka zoposa 60. Mu 2023 kunamveka kuti pa Kalambo pomwepo papezeka mitengo iwiri yosemedwa ndi kulumikizidwa ndi anthu zaka 476,000 zapitazo. Mwini munda anali atapita, koma munda unali kubalabe.

Tsono inu mungafunse kuti, kodi zimenezi zitikhudza bwanji ife olima m'munsi mwa phiri la Zomba? Zitikhudza chifukwa khasu lanu ndilo liyamba kuona zinthu izi, Boma lisanazione. Pounga mizere kapena pokumba ngalande zoteteza nthaka, ena a inu mumatulutsa mapale okhala ndi mizere yachilendo pakamwa pake, mphero yakale, mikanda, kapena zotsala za ng'anjo imene makolo anasungunuliramo chitsulo. Kawirikawiri timaziunjika kumalire a munda pamodzi ndi miyala ina, ana n'kumagendera nazo mbalame. Phale limodzi lili lokha m'thumba silinena kanthu. Chimene wofukula afuna ndi kudziwa kuti linali pati, kuya kwake kotani, ndiponso linagona pamodzi ndi chiani, chifukwa za pansi kwambiri ndizo zakale, ndipo makala opezeka pambali pake akhoza kupimidwa ndi kutiuza zaka zake.

Chotero mukapeza zotere zambiri pamalo amodzi, musakumbe kufuna chuma, mulibe ndalama m'menemo. Lekani pamenepo, ikani chizindikiro, ndipo uzani a mfumu. Iwo adzauza mlangizi kapena a ku ofesi ya D.C., amene adzatumiza mau ku nthambi ya Boma yoyang'anira zinthu zakale. Ngati ndi mafupa a munthu, musawasunthe konse. Kwina konse m'mundamo pitirizani kulima monga mwa masiku onse.