Njanji ya m'Tsinde mwa Mapiri

Tambala wachiwiri akamalira ku Masasa, galimoto za ndiwo zimakhala zitayamba kale kutsetsereka pa Khwekhwerere. Ine ndinakwera imodzi mwa izo, nditakhalira thumba la kachewere, jekete nditamanga mpaka m'khosi, poti kumtunda kwa Dedza m'bandakucha umaluma ngakhale mu Okutobala. Msewuwu ndi wa makona okhaokha. Makutu amatseka, fungo la mabuleki limalowa m'mphuno, ndipo pofika pa Golomoti jekete ija imakhala ili m'manja.

Ana ambiri a ku Bembeke ndi ku Linthipe amakula osaionapo sitima, chonsecho boma lawo lili ndi njanji kuyambira 1935, pamene inachoka ku Blantyre kudzera ku Balaka n'kukafika ku Salima. Sitima sikwera chitunda ngati lole, chifukwa chitsulo chimaterera pa chitsulo chinzake. Omanga njanjiyo anangolambalala m'tsinde mwa mapiri, kudzera pa Sharpevale, Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka. Tauni ya Dedza, imene ili mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, inatsala m'mwamba momwemo. Ndiye wofuna sitima amachita kuitsikira.

Dzuwa lisanatuluke bwino, anyamata a njanji ndinawapeza atatsitsa kale zida: mafosholo, mapiki, migwala, jeke ndi sipanala yaitali ngati mkono wa munthu. Akapitawo, bambo wa imvi za m'mbali, ankayenda pakati pa zitsulo ziwirizo ndi hamala, kugogoda bawuti lililonse n'kutchera khutu. Lomanga bwino limalira kuti ngwee. Lokhwepa limayankha mogonthera. Akalipeza ankangoikapo kamwala n'kupitirira.

M'gululo munali mnyamata watsopano wa ku Bembeke, atavala chipewa cha ubweya.

"Achimwene, chipewacho mwatengera maliro a ndani? Nkhungu mwaisiya kwanu," anatero wina.

"Musandiseke, akulu. Pakanapanda ife a kumtunda, bwenzi inu mukudyera nsima malambe."

"Nanga usipa mumaudzala m'dimba?"

Onse anafa nacho chiseko, akapitawo nawonso, koma hamala sinaleke kugogoda.

Ntchito ya tsikulo inali pa malo pamene njanji inatitimira pang'ono. Analowetsa jeke pansi pa chitsulo n'kuchikweza, kenaka anayamba kusindira miyala kunsi kwa mitanda imene njanji imagonera. Akapitawo anagona chafufumimba, tsaya pa chitsulo, diso limodzi lotsinzina, dzanja likuuza wa jeke kuti kweza, kweza, basi. Pokankha njanji ndi migwala wina ankayambitsa mawu, ena n'kuvomera, ndipo onse ankatsamira nthawi imodzi. Munthu mmodzi akachedwa, chitsulo sichisuntha ndipo msana wa mnzake ndi umene umalipira. N'chifukwa chake ndimati nthabwala za anthuwa ndi mbali ya ntchito yawo. Amene wasiya kuyankha akamamuseka, anzake amadziwa kuti dzuwa lamulowa, ndipo amam'tuma kukatunga madzi kuti akapumeko popanda kum'chititsa manyazi. Ndinaziona ndi maso anga zikum'chitikira mnyamata wa chipewa uja.

Cha m'ma 9 koloko anatulukira mayi wa thobwa, chidebe pamutu.

"Alamu, sitima yanu ija ibwera lero, kapena idakali kusamba?"

"Ibwera, alamu anga. Mkwatibwi sathamanga."

"Chabwino. Nanga ndalama ya makapu a dzulo yakwera yomweyo?"

"Ili m'bogi lakumapeto."

"Ndiye lero mumwa fungo," anatero mayiwo, kwinaku akuwatungira chikho chodzaza.

Msika wa pa Golomoti unali utagwira moto tsopano. Matimati ndi kabichi za kumtunda zinakumana ndi usipa wa kunyanja, mpunga wa ku Bwanje, mbuzi zomangidwa m'miyendo pa njinga. Minibasi za ku Salima, ku Balaka ndi ku Monkey Bay zinkalimbirana anthu pa msewu wa M5. Akabaza ankadumphitsa njinga zawo pa njanji, amayi ankaoloka ndi mitolo ya nkhuni, ndipo palibe ankayang'ana uku ndi uku, poti sitima kuno imatha masiku isanaoneke. Apa mpamene mtima wanga umada nkhawa. Njanji yachete imaiwalitsa anthu kuti ndi njira ya chinthu chimene sichitha kuima pafupi.

Masana akapitawo anandiitana kuti ndione polumikizira zitsulo ziwiri. M'mawa panali mpata woonekeratu. Tsopano unali utatsala pang'ono kutsekeka. Chitsulo chikatentha chimatalika, ndipo chikasowa kopita chimapindika ngati njoka. Ndinayesa kuchikhudza, n'kuchotsa dzanja msangamsanga. Ena anatsikira m'makalavati kukafosholamo mchenga, chifukwa mvula ikagwa pamwamba pa mapiri madzi ake onse amatsikira konkuno, atanyamula miyala ndi zitsa, ndipo akapeza potseka amadzipangira njira pansi pa njanji.

Nsima anadyera pansi pa mtengo wa mango, ndipo mpamene nkhani ya mabogi inabuka. Mabogi onse anawapatsa ubale. Lotseka mbali zonse lija akuti ndi apongozi: za mumtima mwawo sumazidziwa, umangowapatukira. La thanki, lonyamula mafuta, ndi amalume ochokera ku ukwati, mimba patsogolo. Lathyathyathya losenza kontena ndi mkamwini, amene chilichonse cholemera amam'senzetsa. Wina amene anagwirapo ntchito ku Nkaya anati izi ndi zoseweretsa ana, sitima yeniyeni ndi ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala, ya mabogi opitirira 100.

"Mutu wake ukangodutsa, iwe tereka madzi, phika nsima, idya, samba m'manja. Ukadzuka upeza mchira usanafike."

"Nsima yake ya anthu angati?"

"Ya pa maliro a mfumu."

Agogo ena amene anakhala chapafupi, ndodo ili pa maondo, anaseka mpaka kutsokomola. Iwo anagwira ntchito nthawi ya Malawi Railways, ndipo ankakumbukira pamene njanji inkathera pa Salima, isanapitirire ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980. Kampani ya Central East African Railways itatenga njanjiyi mu 1999, iwo anali atabwerera kale kumunda. Chimene anakambapo nthawi yaitali ndi sitima ya anthu, imene masiku ano sifika kuno. Inkati ikaima, amayi ankathamanga ndi malichero a mango ndi nthochi, kugulitsira pa mawindo, chenji n'kumachita kuponya sitima itayamba kale kuyenda. Anyamata aja anasiya nthabwala n'kumvetsera, ndipo wa ku Nkaya uja anawapatsa agogowo mutu wa nsomba umene anausungira kumapeto.

Dzuwa litapendeka, foni ya akapitawo inalira. Sitima inali itanyamuka ku Balaka. Nkhope zinasintha pomwepo. Anachotsa jeke, anawerenga zida chimodzichimodzi, wina anapita kutsogolo ndi mbendera, ena anabalalika kukapirikitsa ana ndi mbuzi. Mayi wa thobwa, amene m'mawa ankanyoza mkwatibwi, ndiye anali patsogolo kukuwira akabaza kuti aime.

Kudikira kunatalika. Kenaka zitsulo zinayamba kung'ung'udza chapansipansi, hutala inalira kumwera, ndipo inatulukira ikubwera mwaulemu, nyali ili ngwee dzuwa likuwala. Akapitawo anamva ndi khutu kuti yalemedwa: mabogi opanda kanthu amachita phokoso la zitini, awa ankagunda mozama, nthaka n'kumanjenjemera m'mapazi. Anali apongozi okhaokha, odzaza feteleza wochokera ku doko la Nacala, wolowera pa Nayuchi, ulendo wa ku Kanengo. Ana ankawerenga mokuwa. Woyendetsa anatulutsa dzanja, anyamata n'kukweza mafosholo.

"Taonani feteleza wa bambo anga uyo," anatero wa ku Bembeke. "Akafika ku Kanengo, akakwera lole, abwerere pa M1 mpaka kwathu. Wadutsa pakhomo osapereka moni."

"M'thamangireni, achimwene, mumuuze za Khwekhwerere."

Akapitawo sanaseke nawo. Maso awo anali pa malo aja anasindira m'mawa, kuona ngati njanji ikufwamphuka mateyala akamaponda. Bogi lomaliza litadutsa anapitapo, anapondaponda miyala ndi jombo, kenaka anam'patsa mnyamatayo hamala kuti agogode yekha mabawuti a pamenepo. Onse analira kuti ngwee.

"Alamu," anaitana mayi uja akumanga chidebe chake, "bogi lakumapeto ladutsa. Ndalama yanga ili kuti?"

Akapitawo anapisa m'thumba n'kulipira makapu a dzulo ndi a lero, kuphatikizapo a mnyamata wa chipewa. Ine ndinathamangira galimoto yomaliza yokwera ku Masasa. Tili pakati pa makona ndinavalanso jekete, ndipo kumunsi, cha ku Mtakataka, hutala inalira kachiwiri.