Mwazitenga Kuti Zimenezi?

Nkhani imene tikufuna kukusimbirani inachitika m'nyumba mwathu ku Leicester mu 2008, ndipo kwa zaka zambiri sitinkaikamba pagulu chifukwa imatichititsa manyazi. Lero mwana amene nkhaniyi ikumukhudza ndi munthu wamkulu wa pakhomo pake, ndipo wativomera kuti tiilembe.

Tinafika kuno ku Mangalande mu 2002, mwana wathu wachisamba ali ndi zaka 10. Mayi ake ankagwira ntchito ya unamwino usiku, bambo ake ankagwira masana kunyumba yosamalirako okalamba, moti ife awiri tinkangopatsana moni pakhomo ngati alonda osinthana. Mtsikanayu anakulira pakati pa mabuku a ku laibulale ndi kompyuta yakale imene tinagula kwa mnzathu. Chichewa ankachimva bwinobwino, koma pofika zaka 16 ankatiyankha m'Chingerezi chokhachokha, ndipo agogo ake akaimba foni kuchokera ku Dedza, zokambirana zinkathera pa moni.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, mayi wina amene mwana wake ankaphunzira limodzi ndi wathu anatikokera pambali. Anatinong'oneza kuti mwana wathu akuwerenga mabuku a ufiti ochokera ku Japan, ndiponso kuti usiku amalemba za ufitizo pa intaneti pamodzi ndi anthu osadziwika. Titafika kunyumba tinalowa m'chipinda chake mwini kulibe, ndipo pansi pa bedi tinapeza mabuku 13 a zithunzi zojambula pamanja. Titavundukula mwachisawawa tinaona mabotolo a poizoni, mitembo, ndi mayina amene anatiimitsa mtima: Cain, Delilah, Jizabel. Munthu amene anakulira m'Sande sukulu akaona Kaini, Delila ndi Yezebeli m'buku limodzi safunsanso kawiri. Tinawalonga onse m'jumbo lakuda la zinyalala, n'kuzula waya wa intaneti.

Mwanayo atabwera sanalire ndipo sanakalipe. Anaima pakhomo la khitchini n'kutifunsa m'Chichewa, chimene anali asanatilankhule kwa nthawi yaitali, akusankha mawu limodzilimodzi: "Amayi, adadi, mwazitenga kuti zimenezi? Mwawerenga tsamba liti?" Tinamuuza kuti mwana safunsa makolo ake motero. Koma atakwera kuchipinda chake, ife awiri tinayang'anana, pakuti tinalibe tsamba lililonse loti n'kutchula.

Kwa milungu iwiri m'nyumba munali zii. Ankadya, ankatsuka mbale, ankapita kusukulu, koma mawu ake anali "inde" ndi "ayi" basi. Jumbo lija linakhala kumbuyo kwa galimoto, chifukwa panalibe mmodzi wa ife amene analimba mtima kuliponya m'bini. Potsiriza mayi ake anatengako buku limodzi kupita nalo kuntchito kuti akaliwerenge pa nthawi yopuma. Analiyambira kumene mabuku onse amayambira, n'kupeza tsamba lowachenjeza kuti ayambira kumapeto. Mabuku a mtundu umenewu, amene ku Japan amawatcha manga, amawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Apa m'pamene tinazindikira kuti tinaweruza mabuku amene sitinkadziwa ndi kowatsegulira komwe. Akuluakulu aja sananame kuti safunsa anadya phula.

Tinayamba kuwerenga mosinthana, ndipo izi n'zimene tinapeza. Wolemba ndi wojambula wake ndi mayi wa ku Japan dzina lake Kaori Yuki. Nkhaniyi, imene imadziwika ndi dzina loti Earl Cain, inayamba kutuluka mu 1991 m'magazini a atsikana a kampani ya Hakusensha, makamaka ya Hana to Yume, dzina lotanthauza maluwa ndi maloto. Gawo loyamba linatha mu 1994 ndipo linasonkhanitsidwa m'mabuku 5. Kenaka wolembayo anatembenukira ku nkhani ina yaitali, Angel Sanctuary, n'kudzabwerera kwa Cain mu 2001 ndi gawo lachiwiri lotchedwa Godchild, la mabuku 8, limene linatha mu 2003. Kampani ya Viz Media ya ku America ndi imene inawatulutsa m'Chingerezi, gawo loyambalo n'kulitcha The Cain Saga.

Chimene chinatidabwitsa n'chakuti nkhaniyo sichitikira ku Japan. Imachitikira kuno komwe, m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, amene analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901. Cain Hargreaves ndi mnyamata wa zaka 17 wa banja lolemekezeka, amene amasonkhanitsa mitundu ya poizoni ndi kufufuza imfa zodabwitsa pakati pa anthu olemera a ku London. Pambali pake pali wantchito wake wokhulupirika, Riff, ndi kamtsikana kamene amakasamala ngati mlongo wake. Mdani wake wamkulu ndi bambo ake omubereka, Alexis, amene amatsogolera gulu lachinsinsi lotchedwa Delilah, lofuna kuukitsa akufa.

Tisakunamizeni, mabukuwo ndi a mdima. Cain anabadwa kwa munthu ndi mlongo wake, ndipo msana wake uli ndi zipsera za chikoti cha bambo ake. Si nkhani yopatsa mwana wa ku pulaimale. Koma kuphunzitsa ufiti sitinakupezemo. Tinapezamo mwana wozunzidwa amene akulimbana kuti asafanane ndi womuzunza, ndiponso milandu imene wowerenga amaimasula pamodzi ndi wofufuza, potola zizindikiro zimene wojambula wabisa m'zithunzi. Tinamubwezera mabuku 8 a Godchild. Asanu enawo, amene osindikiza anawaika chizindikiro cha anthu akuluakulu, tinawasunga mpaka titawamaliza n'kukambirana naye, ngakhale tonse tinkadziwa kuti mwiniwakeyo anawawerenga kalekale.

Inatsala nkhani ya intaneti. Titabwezeretsa waya, anatikhazika pansi n'kutsegula Wikipedia, insaikulopediya imene Jimmy Wales ndi Larry Sanger anayambitsa mu 2001, yomwe imalembedwa ndi anthu ongodzipereka. Anthu osadziwika aja anali amenewa. Zimene mwana wathu ankachita usiku zinali kukonza nkhani yofotokoza mabuku akewo. Anatisonyeza tsamba la mbiri, pamene kusintha kulikonse kumalembedwa ndi tsiku lake ndi nthawi yake, moti tinatha kuona ndi maso athu chilichonse chimene anachita m'miyezi yonseyo.

Ntchito yake inali ya khama ngati ya wosankha mpunga. Ankatenga buku lililonse n'kuyang'ana tsamba la osindikiza kuti atsimikize chaka chimene linatuluka. Ankafupikitsa mbali yofotokoza zochitika, chifukwa okonda nkhani amafuna kusimba zonse, pamene wowerenga insaikulopediya amafuna mutu wa nkhani. Dzina la kamtsikana kaja ena ankalilemba Merryweather, ena Mary Weather, ndipo panafunika kugwirizana kalembedwe kamodzi potsata mabuku osindikizidwa. Ankafunafuna ndemanga za akatswiri zimene zinafalitsidwa, zoyamikira ndi zodzudzula zomwe, chifukwa lamulo la kumeneko ndi lakuti nkhani isakondere mbali. Ndipo pa chiganizo chilichonse chimene munthu angachikayikire, ankayenera kusonyeza kumene chachokera. Chiganizo chopanda gwero chimapachikidwa kachizindikiro kopempha umboni, ndipo umboniwo ukapanda kubwera, wina aliyense angathe kuchichotsa. Tinazindikira kuti funso limene anatifunsa m'khitchini muja ndi lomwe iye ankafunsidwa tsiku ndi tsiku.

Bambo ake, amene ndi mkulu wa mpingo, anatenthedwa mtima. Anatenga Baibulo n'kutsegula Genesis chaputala 4, n'kumuuza kuti alembe kuti zipsera za pamsana pa Cain zikuimira chizindikiro chimene Mulungu anaika pa Kaini. Mwanayo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati: "Adadi, mwina mukunena zoona. Koma ndani analemba zimenezo m'buku kapena m'magazini? Maganizo anu kapena anga saloledwa, ngakhale atakhala abwino." Bambo akewo anang'ung'udza kuti zaka zonse akhala akulalikira palibe anawapemphapo gwero. Tinaseka tonse atatu, koyamba m'milungu yambiri.

Nayenso sankapambana nthawi zonse. Tsiku lina analemba kuti zithunzi za Godchild ndi zokongola kuposa za mabuku oyambirira, ndipo pasanathe ola munthu wina anachichotsa chiganizocho. Mwana wathu anakwiya mpaka kukana chakudya. Koma m'mawa mwake anapita patsamba lokambirana n'kufunsa chifukwa, mwaulemu. Anayankhidwa kuti kukongola ndi maganizo, ndipo maganizo amayenera kukhala ndi mwini wake. Anakhala masiku angapo akufufuza mpaka atapeza wolemba ndemanga amene anaona kusintha kwa kajambulidweko, n'kulembanso chiganizocho m'dzina la munthuyo. Ife tinkangoonerera mwana wa zaka 16 akutsutsana ndi munthu wosamudziwa popanda kutukwana, akugonja pamene walakwa, ndi kulimbikira pamene ali ndi umboni. Pamisonkhano yathu ya akuluakulu zimenezi sizichitika kawirikawiri.

Chimene sitinkayembekezera chinabwera pambuyo pake. Anatisonyeza kuti Wikipedia ili ndi mbali ya Chichewa, yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi ya Chingerezi, imene mu 2025 inapitirira nkhani 7 miliyoni. Anatifunsa ngati tingamuthandize kufotokoza mabuku akewo m'ndime imodzi ya Chichewa. Tinakhala patebulo ndi kope la sukulu madzulo atatu. Tinatsutsana ngati tilembe poizoni kapena chiphe. Udindo wa Cain unativuta, pakuti si mfumu ndipo si nduna. Bambo ake atanena kuti Riff ndi hausiboyi, mwanayo anakana kwamtuwagalu, nati munthu amene amasunga makiyi, zinsinsi ndi moyo wa bwana wake sangatchedwe choncho. Pa kamtsikana kaja, kamene Chingerezi chimakatcha mlongo wa theka, mayi ake anadula mlandu: kwathu kulibe mlongo wa theka, mlongo ndi mlongo. Mawu ena atatikanika tonse, mwanayo anatenga khadi loimbira foni n'kuimbira agogo ake ku Dedza. Anacheza mpaka khadilo kutha, gogo akuseka kuti mdzukulu wake wawaimbira kuchokera kutsidya la nyanja kudzafunsa dzina la mankhwala opha anthu.

Ndime imeneyo sinafike pa intaneti. Ili m'kope lija mpaka lero, ndi mizere yofufutafufuta ya manja atatu. Koma kuyambira pamenepo Chichewa chinabwerera patebulo lathu, poyamba chopunduka, kenaka choyenda.

Mayi wa kutchalitchi uja tinakamufunsa, mwamtendere, kumene anazitenga zimene anatiuza. Anati anamva kwa mwana wake, amene anamva kwa mnzake, amene anangoona chikuto. Sitimuimba mlandu, pakuti ankatifunira zabwino, ndipo amene analonga mabuku m'jumbo ndife. Chimene chimatiopsa tikakumbukira n'chakuti galimoto ya zinyalala ikanatenga jumbo lija, mwana wathu akanaphunzira kuti makolo ake amakhulupirira mphekesera kuposa iye, ndipo sitikudziwa ngati akanatisonyezanso chilichonse.

Sitikunena kuti makolo asiye kuyang'ana zimene ana akuwerenga. Yang'anani ndithu, ndipo onaninso chizindikiro cha msinkhu chimene chili kuchikuto. Koma werengani kaye, ngakhale buku litakhala loyambira kumapeto. Masiku ano mauthenga amatipeza pa WhatsApp m'mawa uliwonse, a mankhwala ochiza matenda onse, a malamulo atsopano a ziphaso, a imfa za anthu amene ali moyo. Tisanawatumize kwa ena, mmodzi wa ife amafunsa mnzake funso la m'khitchini lija, ndipo nthawi zambiri uthengawo umathera pomwepo.