Kope la Ulendo wa ku Nyanja

Amayi anga akhala akugulitsa nsomba pa msika wa Songani kuyambira ine ndisanabadwe. Usipa, utaka, matemba ndi chambo chowamba ndi zimene zandilipirira sukulu kuchokera ku pulayimale mpaka kuno ku yunivesite. Chodabwitsa n'chakuti kufikira chaka cha 2023 iwo anali asanaionepo nyanja ya Malawi. Nsomba ankapikula kwa anthu obwera nazo pa galimoto ku Zomba. Nyanja yokhayo imene ankaidziwa ndi Chilwa, chifukwa ankapita ku Kachulu kukagula matemba, ndipo chiphwereni nyanjayo mu 2018 iwo amaitchula kuti dambo.

M'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho, kuchipatala anawapeza ndi ng'ala m'diso lakumanja. Lakumanzere nalo linali litayamba kuchita chifunga. Adokotala anati opaleshoni ndi yotheka, koma amayi sanakhulupirire kuti munthu angang'ambidwe diso n'kuonanso. Tsiku lina tikusankha nyemba pakhonde anandifunsa kuti, "Iwe, anthu amati nyanja ya ku Mangochi ilibe tsidya. N'zoona zimenezo?" Ndinayankha kuti tsidya lilipo koma silioneka paliponse. Sanalankhulenso, koma funsolo linandikhala pamtima. Usiku womwewo ndinatsimikiza kuti ndiwatengera kunyanja maso asanatheretu.

Ine ndine munthu wokonda kulemba mapulani, ndipo anzanga amandiseka nazo. Ndinagula kope latsopano n'kulemba pachikuto kuti "Mangochi". Ndalama ndinali kusunga pang'onopang'ono kuchokera pa ganyu yophunzitsa ana a Fomu 2 madzulo, ndipo pofika kumapeto kwa Okutobala zinakwana K150,000.

Choyamba kuganizira chinali nyengo. Miyezi yozizira kunyanja kumaomba mwera, mphepo yochokera kummwera imene imautsa mafunde ndi kulepheretsa asodzi kulowa m'madzi. Mvula ikakhazikika, msewu sudalirika. Nthawi yabwino ndi chilimwe, ngakhale kuti dzuwa la ku Mangochi m'miyezi imeneyi silichita nthabwala. Poti mpata ndinali nawo chakumapeto kwa Novembala, ndinasankha masiku amenewo, n'kumapemphera kuti mvula ichedweko pang'ono. Pemphero limeneli sindinaliulule kwa aliyense kwathu, paja ndife alimi.

Njira siinali yovuta kulemba. Kuchokera pa Songani munthu amakwera minibasi yodutsa Domasi ndi Machinga mpaka ku Liwonde, kuwoloka Shire, kenaka kudzera pa Ulongwe mpaka pa boma la Mangochi. Kuchoka apo pali makilomita oposa 60 kukafika kufupi ndi Monkey Bay, pomwe msewu wa ku Cape Maclear umapatukira kumanzere n'kuyenda makilomita ena 18 pakati pa mapiri. Chovuta kulemba chinali nthawi, chifukwa minibasi siinyamuka ndi wotchi, imanyamuka ikadzadza. Pa sitepe iliyonse ndinaonjezerapo ola lathunthu lodikira.

Kenaka ndinalowa mu laibulale, ndipo apa ndi pamene kope langa linayamba kunenepa. Ndinalemba kuti tawuni ya Mangochi inkatchedwa Fort Johnston, ndipo inayamba mu 1891 ngati linga la Angerezi pa nthawi yolimbana ndi malonda a akapolo. Ndinalemba za nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, za nyumba yosungiramo zinthu zakale za panyanja, za paki ya Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna. Ndinakonza masiku atatu: loyamba pa boma, lachiwiri ku Cape Maclear, lachitatu lobwerera. Pa tsamba lomaliza ndinalemba ndi zilembo zazikulu chinthu chimene ndinkachiona ngati mutu wa ulendo wonse, kukwera bwato kupita ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna ndi nkhwazi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kumayambiriro kwa Novembala ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mafuta a galimoto anakwera, ndipo mitengo ya minibasi inatsatira pomwepo. Masamu onse a m'kope muja anasanduka nthano. Choipa kwambiri n'chakuti feteleza nayenso anakwera, pamene kumunda tinali titalima kale mizere. Achimwene anga aakulu atamva za ndalama zanga anabwera madzulo ena nkhope ili gwa.

"Iwe, sukulu yakuzunguza mutu eti? Anthu akusowa feteleza, iwe ukufuna kukamwaza ndalama pa mchenga? Chaka chamawa tidzadya zithunzi?"

Ndinalibe choyankha, ndipo mpaka lero sindinena kuti achimwene analakwa. Kukayenda kunyanja anthu akwathu amakuona ngati za azungu ndi mabwana, ndipo nyumba imene nkhokwe yake imatha mu Januwale ili ndi chifukwa chomveka choganizira choncho. Anatilanditsa ndi amayi eni ake. Anati, "Feteleza chaka chilichonse amabwera ndipo chaka chilichonse amadula. Maso awa sindikudziwa ngati chaka chamawa adzakhalapo. Mugawane ndalamazo." Achimwene anatenga K50,000, ine n'kutsala ndi K100,000.

Ndinabwerera ku kope langa ndi cholembera chofiira. Masiku atatu anasanduka awiri. Nyumba ya zinthu zakale ndinaifufuta. Chakudya cha m'malesitilanti ndinachifufutanso, m'malo mwake tinanyamula mbatata yophika, zigumu ndi chigubu cha thobwa. Malo ogona ndinapeza chipinda chotchipa m'mudzi wa Chembe kudzera mwa mnzanga wa m'kalasi wochokera kumeneko. Bwato lokha ndinalisiya osalikhudza, ndalama yake ndinaiika mu envulopu yapadera.

Tinanyamuka Lachiwiri nthawi ya 5 koloko m'mawa. Titadutsa Ulongwe, madzi anaonekera chakumanja ndipo amayi anandigwira mkono. "Ndi imeneyi?" Ndinawauza kuti imeneyo ndi Malombe chabe, nyanja yaing'ono imene Shire amadutsamo akatuluka m'nyanja yaikulu. Anapukusa mutu, nati dzinalo amalidziwa, kale kunkachokera chambo chambiri koma masiku ano kumabwera kambuzi. Apa ndi pamene ndinayamba kuzindikira kuti amayi anali ndi mapu awoawo a nyanja, olembedwa ndi mitundu ya nsomba ndi mitengo yake.

Pa boma tinatsika n'kuyenda wapansi mpaka pa nsanja ya wotchi, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Ndinatsegula kope n'kuyamba kuwaphunzitsa. Ndinawaonetsa mzinga wochokera pa sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pa doko kutsidya la Tanzania. Amayi anamvetsera mwaulemu ngati mmene amachitira ulaliki ukatalika. Koma nditawawerengera chikumbutso cha sitima ya Vipya, imene inamira mu 1946 ndi kupha anthu 145, anatcheradi khutu.

"Sitima yachitsulo inamira ndi anthu onsewo?"

"Eya, amayi, koma kunali kumpoto, ndiponso kunali mphepo yamkuntho."

"Ndiye iwe ukufuna undikweze kabwato kathabwa?"

Ndinaseka, poganiza kuti pofika mawa adzakhala ataiwala.

Msewu wa ku Monkey Bay unandikhumudwitsa. Pa mapu umayenda m'mbali mwa nyanja, koma chimene munthu wa pa minibasi amaona kwambiri ndi milambe, migwalangwa, zikwangwani za malo ogona alendo ndi mipanda. Nyanja timaitchula kuti yathu, koma m'dera limeneli mchenga wabwino wambiri uli kuseri kwa chipata chokhala ndi mlonda. Pa mphambano ya ku Cape Maclear tinadikira ola ndi theka galimoto yoti idzadze, poti amayi anakanitsitsa kukwera njinga yamoto. M'njira ndinawalozera Mwala wa Mphini, thanthwe lokhala ndi mizere ngati mphini za pankhope. Anati maso awo sakuona mizere, akuona mwala basi.

Tinafika pa Chembe dzuwa litapendeka. Tinadutsa pakati pa nyumba, kenaka mwadzidzidzi madzi anali patsogolo pathu. Amayi anaima. Anatseka diso lodwala ndi dzanja, nayang'ana nthawi yaitali mbali imene kulibe chilumba. Kenaka anavula nsapato, nakwinya chitenje, nalowa mpaka m'maondo. Ndinayamba kuwachenjeza za likodzo, poti ndinali nditalemba m'kope kuti m'madzi a m'mbali mwa midzi ya kuno muli nkhono zofalitsa matendawa. Anandiyankha osatembenuka kuti, "Zamankhwala tikaona kwathu. Tangokhala chete pang'ono." Usiku tinakhala pa mchenga n'kumaona nyali za asodzi a usipa zitandandalika pamadzi. Zimenezo anati akuziona bwino lomwe, kuposa nkhope yanga.

M'mawa mwake ndinadzuka 6 koloko n'kupeza mphasa yawo ilibe munthu. Ndinawapeza kumathandala oyanikapo nsomba, atazunguliridwa ndi amayi anzawo, akutola usipa, kuununkhiza ndi kuuthyola pakati. Anali atafunsa kale mtengo wa ndowa, atawerengera za galimoto, ndipo atadziwa phindu limene owapikulitsa ku Zomba akhala akupeza pa iwo zaka zonsezi. Ankadziwanso chifukwa chimene chambo chinali chosowa: miyezi ya Novembala ndi Disembala boma limaletsa makoka ena kuti nsomba ziswane. Ine zimenezi m'kope mwanga munalibe.

Ndinawakakamiza kuti tipite kukaona manda a amishoni. Ndinawafotokozera kuti mishoni ya Livingstonia inayambira pomwepa mu 1875, ndipo Dr Robert Laws ndi anzake anasamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawapha anzawo angapo. Amayi anaima pamandapo mwakachetechete, nati, "Amayi awo sanaone n'komwe pamene anagona." Pobwerera ndinatulutsa envulopu ija n'kunena kuti nthawi ya bwato yakwana.

"Muli zingati m'menemo?"

Ndinawauza.

"Nsomba zoona ndi maso, zosadya, ulipire ndalama zonsezo? Bweretsa kuno."

Ndinayesa kukana, koma ndani angalimbane ndi munthu amene wakhala akutsitsa mitengo zaka makumi atatu? Ndalama ya ku Thumbi inagula usipa wouma wodzadza thumba ndi dengu. Mbuna sindinazione, nkhwazi ndinangoimva kulira patali.

Pobwerera kondakitala anafuna kutilipiritsa mpando wa katundu, amayi n'kunyamula dengulo pamiyendo kuchokera pa Mangochi mpaka pa Liwonde. Bambo wina wovala tayi anadandaula za fungo ulendo wonse. Usipawo unatha pa Songani m'masiku anayi, ndipo phindu lake linapita kwa achimwene kuonjezera pa feteleza wobereketsa. Opaleshoni ya diso lakumanja inachitika chaka chotsatira ndipo inayenda bwino. Tsopano amayi amapita okha ku Mangochi kamodzi pa mwezi kukapikula nsomba, ndipo nambala za mafoni za amayi a kumathandala aja anandilembetsa m'masamba otsala a kope lija, pansi pa mawu akuti Thumbi.