Makwerero a Mawu Asanu ndi Atatu

Ife a m'banja lino tinakulira m'kwaya, ndipo makutu athu anaumbidwa ndi do, re, mi. Tsono pamene mwana wathu wachisamba anabwera ku tchuthi ndi kagitala ka nsambo zinayi kotchedwa ukulele, tinayembekeza kumva nyimbo za Amayi Maria. Kagitalaka kwawo ndi ku Hawaii, kumene Apwitikizi a ku Madeira anafika ndi tizoimbira tonga iko m'chaka cha 1879.

Koma madzulo amenewo mnyamatayo anatiimbira zachilendo. Pa khosi la ukulele pali timipata, ndipo chala chake chinkakwera pa nsambo imodzi motere: kampata kamodzi, kenaka tiwiri, kamodzi, tiwiri, mpaka titakwana 12. Mawu anatuluka asanu ndi atatu m'malo mwa asanu ndi awiri amene tinazolowera, ndipo khutu linasowa popumira. Atasuntha dzanja timipata titatu, mawu omwe aja anabwereranso, monga munthu wosokera m'nkhalango amene angopezeka pa mtengo womwewo. Agogo anafunsa ngati nsambo zinali zitamasuka.

Tinaweruza msanga kuti zoterezi sizingalowe m'nyumba ya Mulungu. Mwanayo anayankha mwaulemu kuti makwerero opangidwa mochita kuwerengerawa ankawakonda Olivier Messiaen, Mkatolika wa ku France, amene analiza limba m'tchalitchi cha Utatu Woyera ku Paris kuyambira 1931 kufikira imfa yake mu 1992. Ali mkaidi wa nkhondo ku Görlitz, analemba nyimbo yosinkhasinkha za mngelo wa m'buku la Chivumbulutso, ndipo inaimbidwa pamaso pa akaidi anzake m'nyengo yachisanu, pa 15 Januwale 1941. Mawu amene ife tinawayesa olakwika, iye ankapemphera nawo.

Tinachita manyazi, pakuti makolo athu nawonso anauzidwapo kuti ng'oma siyenera pa Misa, kufikira Msonkhano wachiwiri wa Vatican unatsekula khomo mu 1963. Komabe tisaname: manyazi sasintha khutu. Tinalandirana kagitalako mmodzimmodzi, ndipo chala cha aliyense chinkathawira ku njira yakale chisanafike ndi pakati pomwe. Mng'ono wake wa zaka 9 yekha ndiye anakwera mpaka pamwamba osaphonya, natifunsa chimene chinali kutivuta.

Agogo anatsanzika kukagona. Pakhomo la chipinda chawo anatembenuka, nati mnyamatayo aimbenso kamodzi, koma pang'onopang'ono.